Moto Sugona: Khutba ya Ijumaa pa za Kusamala Moto wa Pophikira

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini zolengedwa zonse, Amene adatipatsa moto kuti tiphikire chakudya chathu ndi kuwotha m'nyengo yachisanu, ndipo adaika mwa ife nzeru zoti tiusunge motowo pamalo pake. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake ndi pa onse otsata njira yake mpaka Tsiku la Chiweruzo.

Akapolo a Allah, abale ndi alongo athu m'Chisilamu, tikudzilangiza tokha poyamba, kenako tikulangiza inu, kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera.

Nkhani ya lero ndi ya moto wa pa mafuwa ndi wa pa mbaula. Mwina wina anena mumtima mwake kuti imeneyi ndi nkhani ya amayi kukhitchini, kapena ya azaumoyo akamayendera midzi, osati ya pa mimbari tsiku la Ijumaa. Koma amene adayamba kuinena nkhaniyi pakati pa Asilamu ndi Mtumiki mwini wake (swalla Allahu alaihi wasallam). Imam Bukhari ndi Imam Muslim onse awiri adalemba kuchokera kwa Swahaba Abu Musa Al-Ash'ari (radhiya Allahu anhu) kuti usiku wina mumzinda wa Madina nyumba idapsa eni ake ali momwemo. Uthengawo utamfika Mtumiki, iye sadangoti ndi chikonzero cha Allah n'kukhala chete. Adautchula moto kuti ndi mdani wathu, ndipo adalamula kuti tikafuna kugona tiziuzimitsa.

Taganizirani dzina limene adaupatsa: mdani. Adani ena timawatsekera chitseko, koma uyu timamulowetsa tokha m'nyumba m'mawa, masana ndi madzulo, timamupatsa nkhuni ndi makala, ndipo timamuuzira mpweya kuti akule. Sitingachitire mwina, chifukwa popanda iye palibe nsima. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Waqi'ah kuyambira ndime 71 mpaka 73, ikutifunsa za moto umene timakoleza ndi za Amene adameretsa mtengo wake, ndipo ikutiuza kuti motowo udaikidwa kukhala chikumbutso komanso chothandiza. Ndi mtendere wa Allah ndithu. Koma moto sudziwa kuti nyumba iyi ndi ya Shehe, iyo ndi ya mkazi wamasiye. Sudziwa kuti pamphasa apo pagona khanda. Umadya chimene wapeza, ndipo mwini nyumba akagona iwo sugona.

Mu Hadith ina ya Swahaba Jabir bin Abdillah (radhiya Allahu anhu), Mtumiki adalangiza kuti usiku tizivundikira ziwiya, tizitseka zitseko ndi kuzimitsa nyale, ndipo adatchula chifukwa chake: khoswe akhoza kukoka chingwe cha nyale chili chiyakire n'kutentha nyumba ndi eni ake. Imam Abu Dawud adalembanso kuchokera kwa Ibn Abbas kuti zimenezi zidachitikadi pamaso pa Mtumiki: khoswe adakoka chingwe cha nyale n'kuchiponya pa kamkeka kamene iye adakhalapo, ndipo padapsa malo aakulu ngati ndalama yachitsulo. Kanyama kakang'ono ngati kameneka, kamene ana athu amakathamangitsa ndi ndodo, kadakwanira kukhala chifukwa cha lamulo la Mtumiki.

Imam An-Nawawi, mmodzi mwa maulama akuluakulu a madhhab a Shafi'i, pomasulira ma Hadith amenewa adafotokoza kuti lamuloli likukhudza moto uliwonse umene ungaopedwe kuti utentha, osati nyale yokha. Ndipo kuti nyale yopachikidwa bwino pamalo poti singagwe siili m'gulu loletsedwa, chifukwa choopsacho palibe. Apa pali phunziro la momwe tingamvere Sunnah. Chimene Mtumiki adatiletsa ndi kusiya moto pamalo poti ungawononge popanda diso louyang'anira. Tsono funso la ife anthu a ku Milange lero n'lakuti: kodi m'nyumba zathu chingwe cha nyale chija ndi chiti, ndipo khoswe uja ndi uti?

Tiyambe ndi nyengo yachisanu. Inu nonse mukuidziwa chiperoni, mvula yawaza ija yobwera ndi nkhungu ndi mphepo yolowa m'mafupa. Dzina lakelo lidachokera ku phiri la Chiperone la m'dera lathu lino, ndipo anzathu a ku Mulanje ndi ku Thyolo akamadandaula nayo amaloza kwathu kuno. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, nkhungu ikaphimba phiri la Tumbine, chimene chimachitika m'makomo ambiri n'chimodzi: amayi akatha kuphika ndiwo zamadzulo, mbaula ija ili ndi makala ofiira imanyamulidwa n'kulowa kuchipinda chogona, chitseko chimatsekedwa, ndipo pazenera amatsekapo ndi chiguduli kuti mphepo isalowe. Amachita zimenezi chifukwa cha chifundo, pofuna kuti ana asazizidwe. Koma makala akamayaka m'chipinda chopanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni umene madokotala amautcha carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsamwitsa ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Ukalowa m'mapapo umakagwira magazi mwamphamvu yoposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwino umene thupi limafuna, moti magazi amayenda ndithu koma osanyamula moyo. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka. Ngati ali m'tulo, sadzuka n'komwe. M'mawa anthu amathyola chitseko n'kupeza banja lonse lili gone, popanda bala, popanda chopsa. Ndiye m'mudzi mumayamba manong'onong'o, uyu akuti ndi ufiti, uyo akuti adadyetsedwa chiphe, ndipo agogo ena osalakwa amalozedwa chala. Tchimo limabala tchimo linzake, pamene wopha anthuwo ali pomwepo pakati pa chipinda, wasanduka phulusa.

Makala ofiira amene asiya kufuka utsi ndiwo amanyenga kwambiri, chifukwa timaganiza kuti poizoni adatha limodzi ndi utsi. Sadathe. Mbaula isagone m'chipinda chimene mwagona munthu, ngakhale kuzizire chotani. Wothani muli maso, chitseko chili chotsegula pang'ono, kenako itulutseni panja ndi kuizimitsa. Bulangete lakale kapena kugona moyandikana kwa ana n'kwabwino kuposa kutentha kumene kumatha ndi janaza.

Chisanu chikatha imabwera nyengo ina ya moto. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu wauma, madenga auma, ndipo mphepo imaomba ndi akamvuluvulu. Khitchini zathu zambiri n'zofolera ndi udzu, denga lake n'lalifupi ndipo ladzaza mwaye, pamene nkhokwe ya chimanga ndi matumba a nandolo zili pafupi pomwepo. Tikumbukirenso kuti namondwe wa Freddy, amene adatigunda mu Malichi 2023, adagwetsa nyumba zambiri kuno ndi kutsidya, ndipo khitchini ndi chinthu chimene munthu amachimanga pomalizira. Pali mabanja amene adazolowera kuphikira pakhonde kapena m'nyumba yogona momwemo. Denga la udzu likagwira moto silidikira munthu. Limatha m'mphindi zochepa, ozimitsa moto asanamve n'komwe, ndipo kwa amene ali ku Majaua kapena ku Mongue, kutali ndi tauni, wozimitsa moto ndi iye mwini ndi oyandikana naye basi.

Phulusa nalo tisalipeputse. Mwana amatumidwa kukataya phulusa la dzulo kudzala, m'kati mwake muli khala limodzi lamoyo, mphepo n'kuchita zotsalazo. Thirani madzi paphulusa musanalitaye. Ndipo dziwani kuti m'mabuku a fiqh maulama adalongosola kuti munthu amene wakoleza moto mosasamala, monga pa tsiku la mphepo yamphamvu, motowo n'kulumphira kwa mnansi wake, iyeyo ali ndi udindo wolipira zimene zawonongeka. Sangabisale kumbuyo kwa mawu oti sadachitire dala. Chimanga cha chaka chonse cha mnansi wako ndi ngongole imene ukapanda kuibweza pano ukaipeza Tsiku la Chiweruzo.

Pali chinthu china chimene makolo athu sadali nacho m'nyumba koma ife tili nacho, ndicho petulo. Tili pamalire. Njinga zamoto za kabaza zadzaza misewu yathu, mafuta amagulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo kutsidya kwa Muloza mafuta akasowa, zigubu zimachuluka mbali ino. Sitikunena za malondawo lero. Tikunena za kumene zigubuzo zimagona usiku. Zambiri zimagona kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, kapenanso m'khitchini momwemo poopa akuba. Abale athu, petulo safuna kuti lawi limukhudze. Nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chokwawa pansi mosaoneka mpaka ikafike pamene pali khala kapena kandulo, ndipo moto umabwerera m'njira yomweyo kukafika kuchigubu. Sitidaiwale za pa 17 Novembala 2016 ku Caphiridzange, m'boma la Moatize ku Tete, pamene thanki yonyamula mafuta idaphulika anthu atazungulira kuti atungeko. Ambiri adafera pomwepo, ena adakafera kuchipatala patapita masiku, ndipo dziko lonse la Mozambique lidalowa m'maliro. Chimene chidachitika pamsewu paja chikhoza kuchitika m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi chigubu chimodzi cha malita 20. Ndipo amene amathira petulo kapena palafini pa makala kuti moto ugwire msanga asiye lero lomwe. Kuchedwa kwa tiyi sikudaphepo munthu.

Amene Allah wawapatsa gasi kapena magetsi asaganize kuti nkhaniyi yawadutsa. Mukamva fungo la gasi, musayatse machesi ndipo musakhudze switchi ya magetsi. Tsekani pamutu pa botolo, tsegulani zitseko ndi mazenera, tulutsani ana. Paipi yake muziiyesa ndi thovu la sopo, osati ndi lawi. Magetsi akazima mukuphika, zimitsani chophikiracho nthawi yomweyo, chifukwa adzabwera pakati pa usiku inu mutaiwala, poto ali pomwepo.

Tsopano tifike pamene mtima umawawa kwambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 180,000 amamwalira chifukwa cha kupsa, ndipo ochuluka zedi mwa iwo ndi a m'maiko osauka ngati athu ano. Aliyense amene adakhalapo pa wodwala m'chipinda cha anthu opsa, kaya ku Quelimane kaya ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, adaona kuti mabedi ambiri agonapo ana aang'ono. Ambiri a iwo sadapse ndi lawi. Adapsa ndi phala, ndi tiyi, ndi madzi osamba amene adaphulidwa n'kuikidwa pansi, ndi mafuta a mandasi ndi zitumbuwa. Timaphikira pansi, ndipo pansi pomwepo ndi pamene mwana wokwawa amakhala. Kwa iye mphika wowira ndi choseweretsa china. Khungu lake n'lopyapyala, moti madzi amene munthu wamkulu angangofiira nawo, mwana amasupuka nawo. Ndipo chipsera cha mwana sichikula limodzi ndi thupi lake: chimakoka zala kuti zipindike, chimamata chibwano ndi chifuwa, ndipo mtsikana amene adagwera pamoto ali ndi chaka chimodzi amadzabisa dzanja lake pa tsiku la nikah yake.

Kodi zimachitika nthawi yanji? Amayi apita kumjigo, atsikira kudimba, kapena angolowa m'nyumba kukatenga mchere. Khanda lasiyidwa m'manja mwa mlongo wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, amenenso wauzidwa kuti azisonkhezera moto. Mwana walera mwana mnzake, ndipo onse awiri alera moto. Tsoka likagwa timamukalipira wamkuluyo, n'kumusenzetsa mlandu umene adzayenda nawo moyo wake wonse, pamene amanah ija idali yathu. Machesi akhale pamwamba. Chogwirira cha poto chiloze kukhoma. Chilichonse chotentha chikaphulidwa chisaikidwe panjira ya mwana. Pokonza madzi osamba yambani kuthira ozizira m'beseni, otentha pambuyo. Mayi asawerame pamoto mwana ali kumsana, ndipo nsonga ya chitenje kapena ya hijab imangidwe bwino asanayandikire lawi, makamaka nsalu zoterera zija za nailoni, zimene zikagwira moto zimasungunuka n'kumatirira pakhungu.

M'mwezi wa Ramadhan ngozi zimenezi zimapeza mpata waukulu. Daku amaphikidwa mumdima ndi munthu watulo, ndipo futari amakazingidwa mothamanga ndi munthu amene watopa ndi njala ya tsiku lonse, ana atazungulira chiwaya. Adhana ikamveka onse amathamangira kukafuturu kapena kukaswali, mafuta n'kutsala pamoto. Phulani kaye. Swala ya Maghrib siithawa m'mphindi imodzi yophulira chiwaya.

Pali gulu linanso la abale athu limene moto umalivulaza koposa, ndilo la odwala khunyu. Munthu wa matenda akugwa akagwidwa ali pafupi ndi mafuwa amagwera pamoto osadziwa kanthu, ndipo sangadzichotsepo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zina pamakhala anthu, koma amaima patali, chifukwa adamva kuti ukakhudza wakhunyu, kapena malovu ake, kapena mpweya umene watulutsa, nawenso utenga matendawo. Limeneli ndi bodza, ndipo lapundula anthu ambiri. Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Sapatsirana mwa njira iliyonse, ndipo kuchipatala kuli mankhwala amene amachepetsa kugwako ngati munthu akumwa mosadukiza. Mukaona wagwera pamoto, mukokeni nthawi yomweyo. Bukhari ndi Muslim adalemba kuti Ibn Abbas adamuonetsa wophunzira wake Ata bin Abi Rabah mayi wina wodwala matenda akugwa, n'kumuuza kuti ameneyo ndi mmodzi mwa anthu a ku Jannah, chifukwa adasankha kupirira, ndipo Mtumiki adamupempherera kuti asamavulike akagwa. Mtumiki adasamala ngakhale za ulemu wa mayiyo. Nanga ife tingamusiye bwanji wotere akupsa ife tikuonerera? Banja limene lili ndi wodwala khunyu lisamusiye yekha pamoto, ndipo ngati n'kotheka limuumbire chophikira chokwera, chotchinga m'mbali, m'malo mwa mafuwa apansi.

Tanena zimene tanenazi, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye Ngokhululuka, Ngwachisoni chosatha.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Akapolo a Allah, ngakhale wosamala tsoka limamugwera, choncho tiyenera kudziwa chochita m'mphindi zoyambirira, chifukwa m'mphindi zimenezo ndi mmene bala limakula kapena kuchepa.

Mafuta ophikira akagwira moto m'chiwaya, dzanja limathamangira ku ndowa ya madzi. Liletseni. Madzi amamira pansi pa mafuta otentha, n'kusanduka nthunzi mwadzidzidzi, ndipo nthunziyo imaponya mafuta oyaka kumaso kwa munthu ndi kudenga. Vundikirani chiwayacho ndi chivundikiro chachitsulo kuti moto usowe mpweya, zimitsani gasi kapena sololani nkhuni, ndipo musachinyamule kuthamanga nacho panja. Ndowa ya mchenga pakhomo pa khitchini siilira ndalama. Zovala zikagwira moto, munthu asathamange, chifukwa kuthamanga n'kuupemerera. Agwe pansi, aphimbe nkhope ndi manja, agubuduzike, ndipo amene ali pafupi amufunditse bulangete lochindikala. Denga likayaka, tulutsani anthu poyamba, muwawerenge, ndipo wina asabwerere m'kati chifukwa cha wailesi kapena ndalama za m'chitini. Utsi ukadzaza, yendani chokwawa, pakuti mpweya wabwino umatsalira pansi. Kuwani kuti anansi amve, ndipo amene wamva asafunse kuti ndi kwa yani, ndi Msilamu kapena ndi Mkhristu. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Pa bala la moto mankhwala oyamba ndi madzi oyera ozizira, othiridwa mosalekeza kwa mphindi 20. Mphindi 20 ndi nthawi yaitali pamene mwana akulira, koma kutentha kumapitiriza kulowa m'mnofu ngakhale moto utachoka, ndipo madziwo ndiwo amakuimitsa. Muziziritse pabala pokha, thupi lotsalalo mulifunditse kuti mwana asazizidwe. Vulani mphete ndi zibangili malo asanatupe, koma nsalu imene yamatirira pakhungu musaikoke. Musaboole matuza. Ndipo tikupemphani m'dzina la Allah, lekani kupaka mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi, mafuta ophikira, mchere, phulusa, matope kapena ndowe. Tikudziwa kuti amene amachita izi amachita mwachikondi, potsatira zimene adaona kwa agogo awo, koma zinthu zimenezi zimalowetsa tizilombo pabala, ndipo adokotala amayamba ndi ntchito yopweteka yozichotsa asanathandize wodwalayo. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa bwino, mupite kuchipatala. Ngati wapsayo ndi mwana wamng'ono, ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha mwini wakeyo, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena polumikizira mafupa, musadikire kuti kuche kapena kuti bambo abwere kuchokera kumsika. Woyamwa apitirize kuyamwa m'njira, ndipo wamkulu amene ali maso amwe madzi, chifukwa thupi lopsa limataya madzi ambiri. Amene mwamupeza wakomoka m'chipinda cha mbaula, mutulutsireni panja pa mpweya ndi kuthamangira naye kuchipatala, ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino.

Pano pali mafunso awiri a chipembedzo amene anthu amazengereza nawo. Loyamba: ndili pa Swala, ndipo ndaona mwana akukwawira kumoto, kapena ndamva mfuu yoti nyumba ikupsa, kodi ndimalize kaye? Maulama adagwirizana kuti kudula Swala pofuna kupulumutsa moyo wa munthu n'kololedwa, ndipo pamene palibe wina womupulumutsa kumakhala kokakamizidwa. Swala idzabwezedwa. Lachiwiri: wapsa ali pa swaumu, kodi amwe madzi ndi mankhwala? Amwe. Surat Al-Baqarah idapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule ndi kudzabweza masiku ena, ndipo Sura yomweyo, pa ndime 195, ikutiletsa kudziponya tokha ku chionongeko.

Tsono tibwerere ku mawu amene timawamva pa maliro aliwonse otere, akuti zidalembedwa. Inde, timakhulupirira Qadar, zabwino zake ndi zowawa zake, ndipo kwa mayi amene wataya mwana mawu amenewa ndi mankhwala a mtima; tisamulande. Mtumiki adatiuzanso, monga adalembera Imam Malik ndi Imam Abu Dawud, kuti womwalira ndi moto ali m'gulu la ma shahid, ndipo chimenechi ndi chitonthozo chachikulu kwa ofedwa. Koma chitonthozo cha pambuyo pa tsoka sichingasanduke chilolezo cha mphwayi tsoka lisanagwe. Amene adatiphunzitsa za Qadar ndi yemweyo amene adatilamula kuzimitsa moto. Imam Tirmidhi adalemba za munthu amene adafunsa ngati amange ngamila yake kapena aisiye n'kuyadzamira kwa Allah, ndipo yankho lidali loti aimange kenako ayadzamire. Kusiya kandulo pamphepete pa matiresi n'kunena kuti Allah ateteza si tawakkul. Ndi kusiya Sunnah n'kuuveka ulesi chovala cha chikhulupiriro.

Mawu otsalawa ndi a inu abambo, amene mwadzaza mizere iyi. N'kosavuta kutuluka muno n'kukauza akunyumba kuti lero kumzikiti anena za iwo. Ayi, anena za ife. Mtumiki adatiuza kuti aliyense ndi m'busa ndipo adzafunsidwa za zimene adapatsidwa kuti aziyang'anire, ndipo mwamuna adzafunsidwa za banja lake. Amene amasankha pomanga khitchini ndi ndani? Amene adalowetsa chigubu cha petulo m'nyumba ndi ndani? Amene amakana kugula tochi ya dzuwa ya ana owerenga usiku, n'kuwasiya ndi koloboyi pafupi ndi neti ya udzudzu, ndi ndani? Mayi mmodzi sangathe kutunga madzi, kuphika, kugulitsa mandasi ndi kuyang'anira ana atatu nthawi imodzi, inu muli pabawo. Kunyamula mwana wanu pamene mayi ake akuphula nsima sikuchotsa ulemu wa bambo. Mayi Aisha (radhiya Allahu anha) adanena kuti Mtumiki akakhala pakhomo ankathandiza ntchito za akubanja kwake.

Choncho lero mukatuluka, musanapite kumsika kapena kumalire, kalowereni kukhitchini kwanu, kumene ena a inu simudalowemo chaka chino. Kayang'aneni kutalika kwa denga pamwamba pa mafuwa, mukagwetse mwaye, mukaone ngati utsi uli ndi potulukira, chifukwa utsi umene amayi ndi ana amapuma tsiku ndi tsiku nawonso umadwalitsa chifuwa ndi maso. Kachotseni udzu ndi nkhuni zimene zaunjikidwa pafupi ndi moto, mukasunthe zigubu zipite kutali ndi kumene kumagona anthu. Kaoneninso kwa agogo amene akukhala okha ndi kwa mnansi wodwala khunyu. Ndipo usiku uno, mukatha Swala ya Isha, musanawerenge ma dua ogonera, mmodzi m'nyumbamo adzuke akaone ndi maso ake kuti mbaula ili panja ndipo yazima, kandulo yazima, ndi pamutu pa botolo la gasi patsekedwa. Aphunzitsi a madrasa awaphunzitse ana zimenezi pamodzi ndi ma dua a pogona, pakuti zonsezi zidachokera kwa Mphunzitsi mmodzi.

E Allah, tetezani nyumba zathu ndi za anansi athu ku moto. E Allah, chizani amene agona m'zipatala ndi mabala a moto, apepuzeni ululu wawo ndi kuwapatsa mphamvu owasamalira. E Allah, achitireni chisoni amene adatisiya kudzera m'moto ndi mu utsi, ndipo tonthozani makolo awo. E Allah, sungani ana athu, ndipo titetezeni ife ndi iwo ku Moto wa tsiku lomaliza. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse. Ameen.

Imirirani, tiwongole mizere, tiswali.